Zikhadabo za Amayi

Tsiku loyamba kunyumba ya okalamba, kutsidya kwa nyanja, mtsikana wina anapatsidwa ntchito yopepuka: kuwenga zikhadabo za gogo wina wosalankhula. Anabwera kudzathandiza mongodzipereka. Bungwe linamulipirira ndege, koma yobwerera ndi chaka chamawa.

Ali mkati mowenga, foni inalira. Anali mlongo wake.

"Asisi, amayi zikhadabo zakula, akudzikanda mpaka magazi. Ndikatenga lumo akumabisa manja m'bulangete. Akuti mudzawawenga ndinu."

"Uwauze kuti ndili kutali."

"Ndawauza, akuti adikira. Koma adokotala akuti mwezi uno saumaliza."

Foni inaduka. Gogo uja anamutambasulira dzanja linalo.

Mtsikanayo analigwira bwinobwino, n'kuyambira kachala kakang'ono, mmene amayi ake amakondera.