Alendo a Idi ndi Makorali a Nawaf

Tsiku lachiwiri la Idi, ku Jeddah, pH ya madzi a m'thanki ya Nawaf inatsika kufika pa 7.6, kusonyeza kuti asidi wachuluka m'madzimo, ndipo makorali amene malemu bambo ake anamusiyira, zamoyo za m'nyanja zonga maluwa, anakhwinyata.

Anatsuka choyezera n'kuyezanso, koma sizinasinthe. Atangotsegula botolo la mankhwala okwezera pH, mkazi wake Jawahir analowa kudzatola makapu a khofi.

"Bambo a Rakan, musathire kaye. Dzulo abale anu anadzaza muno, mazenera ali chitsekere, lubani akufuka. Ine ndinabanika, nanga madziwo?"

"Mukuti amalume anatithera mpweya?"

"Ndi nkhani zawo zija, anapuma wa anthu khumi."

Anatsegula mazenera onse. Pofika nthawi ya swala, pemphero la madzulo, pH inali pa 8.0. Nawaf anatseka botolo lija, n'kukhala pansi.

Makorali anatambasuka. Lobiriwira lokha, limene bambo ake anayambira, linali likadali chikhwinyatire.