Suti ya Kuseri kwa Chitseko

"Ndati usamabwerenso kuno!"

"Ine ndati sungandilamule uli chigonere. Dzuka umwe tiyi."

Telala anatsitsa kapu pampando mwaukali mpaka tiyi anatayikira. Makaniko, bwenzi lake la kuyambira kusukulu, anangotembenukira kukhoma.

Sikanali koyamba kukangana chonchi. Ndipo Telala ankadziwa bwino chimene chinkamuyankhulitsa mnyamatayu. Chinali chikondi basi. Munthu woti akufa safuna kukokera wokondedwa wake kumanda.

Matendawo anali khansa ya kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo. Anzake a kugalaja poyamba ankamuseka kuti wabera agogo ake matenda. Koma adokotala sanaseke. Anati iyi inali ya mtundu wosowa, yosaona msinkhu, yothamanga ngati moto wa m'chilimwe.

"Timuchita opaleshoni, timuika madiripi, kenako timuwotcha ndi makina," anatero. "Ena amachira, koma sindikunamizeni, si ambiri."

Telala sanagwedezeke. Ntchito imene anamuitanira kufakitale ya zovala anaikana. Mphunzitsi wina amene ankamufunsira ndi maso achisoni anamubweza. Makina ake osokera anachita dzimbiri iye ali kalikiliki kukhuthula thumba la mkodzo, kuchapa zofunda, kupukuta mutu umene unayoyoka tsitsi lonse. Mayi ake ankati, "Mwanawe, ukudikira mvula pansi pa mtengo wouma." Iye ankangoti mtengowo ndi wake.

Ulendo womaliza wa kuchipatala, Makaniko anakana kuti Telala amuperekeze. Anapita ndi Namwino, mtsikana wofatsa wosamalira odwala kuwodi kwake kuchipatalako, amene ankakhala mumsewu wawo womwewo. Pobwera anangoti, "Usandifunse." Telala sanafunse. Anakalirira kubafa.

Kuyambira pamenepo zizindikiro zinali poyera. Masaya anadzaza: kutupa kwa mankhwala kumeneko. Tsitsi linayamba kumera: ndiye kuti achipatala agwa mphwayi, asiya madiripi. Namwino ankabwera madzulo alionse, ngakhale tsiku lopuma, wopanda n'chikwama chomwe. Telala ankamuthokoza ndi manja awiri, n'kumutcha mchemwali.

Lero, pofuna kusesa, anakankha chitseko. Kuseri kwake kunali suti yakuda yatsopano, ili m'pulasitiki. Pansi pake nsapato zonyezimira.

Tsache linagwa.

Zala zake zinayenda zokha pamsoko, monga mwa ntchito. Nsalu yabwino. Koma wosokayo anali wopusa: anapindira nsalu yambiri m'chiuno, yoti adzakulitsire mwini wake akadzanenepa. Adzanenepera kuti, m'bokosi?

"Ndiye wayamba kulongedza," anatero. "Ngakhale suti yomaliza, iwe, wakasoketsa kwina? Manja angawa anakulakwira chiyani?"

"Isiye imeneyo."

"Sindiisiya! Ukuganiza kuti sindikuona? Ukundithamangitsa kuti ndisadzalire. Wachedwa nazo, bambo Makaniko, ndinayamba kale kulira."

"Mayi Telala, chonde. Pita kwanu. Kapeze munthu wina."

"Munthu wina ndimutani? Ndimusokere mabatani?"

Anagwada pambali pa bedi, n'kugwira dzanja lija limene kale linkanunkha girisi. Linali lofunda, lamphamvu, ndipo mtima wake unasweka poganiza kuti posachedwa lizizira. Kudikira kunamukwana. Anali atadikira opaleshoni, atadikira madiripi, atadikira makina. Imfa yokha ndiyo sakanaidikira.

"Tikwatirane sabata ino," anatero. "Suti ilipo kale. Diresi ndisoka ndekha. Anthu anene zonena zawo. Ndidzakhale wamasiye, bola ndikhale wamasiye wako."

Makaniko anachotsa dzanja lake. Anadzuka msangamsanga, osagwira khoma, osabuula, ngati munthu amene sakumva kuwawa paliponse. Maso ake anali pa tiyi wotayika uja.

"Sutiyo si ya m'bokosi," anatero. "Tsiku lija adokotala sanapezenso kanthu. Ndinachira. Ndikukwatira Namwino mwezi wamawa. Ndimangofuna utope, uchoke wekha."