Bandeji la Nsalu ya Chipani

"Kwerani lole, amayi onse akukavina ku Salima!" anakuwa a Pitala, tcheyamani wa chipani ku Chipoka, ataima pakhomo.

Eveles sanadzuke pamphasa pomwe anagona mayi ake, amene khansa ya m'bere inali itawabowola chilonda chosapola. Anangoyang'ana a Masiye, anamwino omwe ankapalasa njinga Lachitatu lililonse kudzawatsuka.

"Apite, palibe vuto," anatero a Masiye, uku akuwapatsira atcheyamaniwo beseni. "Koma inuyo mutsale. Muziwatembenuza, muziwamwetsa phala, chilondachi muzitsuka kawiri pa tsiku."

Fungo litawapeza, a Pitala anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. "Nanga nsalu ya chipani ili kuti? Mwana iwe ukuderera boma!"

Eveles anavundukula bulangete pang'onopang'ono. Popeza mabandeji anatha kalekale, nsalu ija anali ataing'ambang'amba n'kuikulunga pachifuwa cha mayi akewo.

"Iyi apa," anatero. "Imasuleni nokha, ndikavine nayo."

Kung'amba nsalu imeneyo unali mlandu wotsekera munthu m'ndende, ndipo umboni unali pamaso pawo. A Pitala anauyang'ana umboniwo, kenako anapisa manja m'matumba.

Lole inanyamuka popanda Eveles.