A Kamwendo Asankha Ndege

Fanwell Sakala ankapukuta fumbi patebulo pamene mkulu wina analowa mu ofesi yogulitsa matikiti a ndege m'tauni ya Kitwe. Mkuluyo anali atavala suti yakuda yosita bwino, tayi wothina pakhosi ndi nsapato zonyezimira, ngakhale kunja dzuwa la Okutobala linkawotcha koopsa.

Ufulu wodzilamulira unali usanakhalitse m'dzikomo. Mkuwa unkayenda malonda kunja, ndipo migodi inkatumiza anthu akuda ku Ulaya kukaphunzira ntchito zimene kale zinali za azungu okhaokha. Nayenso Fanwell anali atangomukweza kumene kuchokera kuchipinda chakumbuyo. Bwana wake anamuuza mosapita m'mbali kuti mpando wakutsogolowo ndi wa munthu wogulitsa, osati wongomwetulira. Koma sabata yonseyo anthu ankangolowa, kusirira zithunzi, n'kumapita.

"Mwapoleni mukwai," Fanwell anapereka moni m'Chibemba.

"Tili bwino, mwana wanga," mkuluyo anayankha m'Chinyanja cha kwawo ku Malawi. "Ndine Wesley Kamwendo, kalaliki wa kumgodi. Ndabwera kudzamva za ndege ziwiri izi zopita ku London. Undiuze zoona zokhazokha."

Analoza zithunzi ziwiri zapakhoma. Ndege ina inali ya mchira wofiira, ina ya mchira wobiriwira.

Fanwell anasiya kupukuta fumbi kuja. Anawakokera mpando, n'kusuzumira pagalasi la ofesi ya bwana kuti aone ngati bwanayo akuona. Ankaona.

Anayamba ndi yofiira, chifukwa ndiyo inali yokwera mtengo. Iye ndege anali asanakwerepo. Ankangoziona pabwalo la ku Ndola atatsamira waya. Komabe anafotokoza ngati munthu wobadwira m'mitambo. Mpando wake umagona ngati bedi. Usanadye amakupatsa kansalu kotentha kopukutira m'manja. Chakudya chimabwera m'mbale zenizeni, china chisanatsike china chafika. Pamwamba pa mutu pali kabelu, ukangokadina mtsikana wotumikira watulukira.

"Ngakhale anthu ena onse atagona?" anafunsa a Kamwendo.

"Ngakhale mutadina ulendo wonse, bambo. Satopa amenewo."

"Nanga munthu zikamuvuta m'mimba, n'kubweza zimene wadya?"

"Amapukuta okha, akumwetulira."

"Zakumwa?"

"Sizitha. Botolo likangopepuka, lina lafika."

"Wina akakhuta n'kuyamba kulankhula zopanda mutu?"

"Sabweza mawu. M'ndege imeneyi wokwera ndi mfumu."

A Kamwendo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anavala magalasi, n'kuyandikira chithunzicho. Anayang'anitsitsa mpando, mbale, ndi mtsikana amene anawerama ndi thireyi atavala nsapato za gogoda.

"Ehe," anatero. "Ndiye ntchito imeneyo."

Fanwell anadziwa kuti nsomba yadya nyambo. Chotsala chinali kungoinyoza pang'ono yobiriwira ija kuti mkuluyo asacheukenso.

Sananame kwenikweni, anangothira mchere. Mipando ndi yopanikizana, munthu wamtali maondo amafika pachibwano. Chakudya ndi kamodzi, tiyi pambuyo pake, basi. Akangochotsa makapu amazimitsa magetsi, atsikanawo n'kukakhala kuseri kwa katani kumbuyo, kudya chakudya chawo mosathamanga. Belu lilipo, koma ukadina uyenera kukhala ndi chifukwa.

"Mwezi watha injiniya wina wachizungu wa kumgodi anabwera pano atakwiya," anapitiriza Fanwell motsitsa mawu. "Akuti anapempha botolo lina, mtsikana n'kumukaniza. Atakweza mawu, mtsikanayo anakaitana mkulu wa m'ndege, ndipo mkuluyo anaikira kumbuyo mtsikanayo."

"Ha! Anamukaniza mzungu?"

"Pamaso pa anthu, bambo."

"Kampani osamuchotsa ntchito?"

"Akuti adakali pomwepo."

A Kamwendo anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi mpango. Panja basi ya ogwira ntchito kumgodi inadutsa ikulira hutala. Kenaka anafunsanso zina, ndipo Fanwell anayankha zonse moleza mtima: ndege iliyonse imaima kangati panjira, imafika nthawi yanji, imabwerera liti. Yofiira inkatembenuka mawa lake lomwe. Yobiriwira inkayamba yapumula, nchifukwa chake maulendo ake anali ochepa.

Bwana uja tsopano anali ataima pakhomo la ofesi yake, manja m'thumba. Fanwell anatsegula kabati, kutulutsa buku la matikiti, n'kuchotsa chivindikiro cha cholembera mwaulemu wonse.

"Ndiye tilembe yofiira, bambo?"

"Yobiriwira."

Cholembera chinaima m'malere. Fanwell anaganiza kuti mwina mkuluyo wasokoneza mitundu.

"Yobiriwira ndi ya maondo pachibwano ija, bambo."

"Ndamva bwinobwino. Yomweyo."

Fanwell anatsitsa cholembera. Anthu a ku Malawi ndi kuumira, anatero mumtima. Komabe tikiti ndi tikiti, ndipo bwana ankaona. Anamwetulira, n'kuwongola pepala.

"Chabwino. Mukufuna kunyamuka liti?"

A Kamwendo anaimirira, kukonza tayi, n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

"Ine? Mapazi angawa sachoka pansi, mwana wanga. Mwana wathu Keziya wakhoza mayeso a atsikana otumikira m'ndege, ndipo makampani onse awiri akumufuna. Amayi ake anandituma kuti ndidzafufuze kumene sakamuthyola msana."