Mwano wa Mwayi

Esitere anakhala pa njerwa kumbuyo kwa kalasi, khanda lili kumsana, manja ake akuda ndi utomoni wa fodya atawabisa m'chitenje. Kalasiyo inali mthunzi wa mtengo wa mango. Chiyambire sukulu yaulere ana anachuluka ngati ngumbi, mpaka a Sitandade 2 anatulutsidwa panja pamodzi ndi bolodi lawo. Pa nthambi ya mtengo womwewo pankalendewera limu ya tayala la thirakitala, yomwe inali belu la sukulu yonse.

Anamuitanitsa ndi aphunzitsi, a Mateyo, kuti adzadzionere yekha zochita za mwana wake.

Mwayi, mwana wake woyamba, anali pakati pa anzake atapinda miyendo pafumbi. Kalasiyi ankabwereza. Bambo ake, a Timoteyo, anali atanena kale kuti akalepheranso, za sukulu zithere pomwepo. Pa esiteti ya kwa Mlonyeni pomwe banjali linkalima fodya ngati matenanti, manja a mwana sasowa ntchito.

A Mateyo ankalemba masamu nkhope ili ku bolodi, pakamwa posapuma.

"Eyiti kuchotsa filii. Mwayi?"

Zii. Mwayi anali atawerama, akukopera manambala. Mnzake atamugunda ndi chigongono anadzutsa mutu, anayang'ana msana wa aphunzitsi, kenako anagwetsanso maso pansi. Ana anafa nacho chiseko.

Nthawi yopuma itakwana ana anabalalikira ku bwalo la mpira. A Mateyo anagwira Mwayi paphewa kuti atsale.

"Mwadzionera nokha, mayi. Kulemba amalemba bwino, koma kumufunsa kuli ngati kufunsa chitsa. Anawa ndi ambiri, ndekha sindingathe. Makolo muzitithandizako kunyumba."

"Ndimamuthandiza, aphunzitsi," anatero Esitere motsitsa mawu.

Sankanama. Iye analekezera Sitandade 4, koma zochepa zomwe anatola kusukuluko ankazikhuthulira zonse mwa mwanayu. Anayamba chaka chatha, Mwayi atatuluka m'chipatala komwe malungo aakulu anamugoneka mpaka teremu yonse kumudutsa, matako atatupa ndi jakisoni wa kwinini. Kuyambira pamenepo, akamasoka fodya m'chigafa ankakhala moyang'anizana, mawondo akugundana. Mayi ankafunsa, mwana n'kumayankha, masamba a fodya ali owerengera. Mwayi ankayang'anitsitsa pakamwa pa mayi ake ngati pakudontha uchi, ndipo sankaphonya.

Esitere anagwada patsogolo pa mwanayo monga amachitira m'chigafa.

"Mwayi, eyiti kuchotsa filii?"

"Faifi!" Mawu anatuluka okwera ngati akuitana munthu wa kutsidya.

"Naini kuphatikiza sikisi?"

"Fifitini!"

Esitere anatembenukira kwa aphunzitsi, mtima utayamba kukhala m'malo. Koma a Mateyo anangoseka chiseko chopanda chimwemwe, akusasa choko m'manja.

"Ohoo! Ndiye kuti amadziwa. Amangosankha womuyankha. Umenewu ndi mwano, mayi, ndipo mwano sitiphunzitsa kuno. Umachokera kunyumba."

Mawu amenewa sanali achilendo kwa Esitere. A Timoteyo ankadandaula zomwezo, kuti mwanayu ukamuitana ali kumunda satembenuka n'komwe, ndipo kamtengo ka bulugamu kanali katayendapo kale pa miyendo yake. Ngakhale Esitere mwini, Lamulungu lapitali, anamuwomba khofi atamukuwira mpaka mawu kusasa kuti athamangitse mbuzi pa mphale. Nthawi zonse ankamuikira kumbuyo kuti ndi manyazi chabe, akula nawo n'kuwasiya. Lero wanena ndi munthu wophunzira.

"Tsono ndichite chiyani, aphunzitsi?"

"Kamulangizeni. Inu ndi bambo ake mukhale naye pansi. Zikapitirira chonchi, mayeso akubwerawa sindikulonjezani kanthu."

Kumulangiza. Esitere anaganiza za malangizo onse amene anali atamupatsa kale, okoma ndi owawa omwe. Masamu ankatha kumuphunzitsa, poti masamba a fodya analipo. Koma mtima wa mwana amauwongola ndi chiyani? Anaona kale mmene zidzakhalire: a Timoteyo akugwedeza mutu kuti ndinanena ine, yunifolomu ikusanduka chovala cha kumunda.

Anayang'ana mwana wake. Mwayi anali atasendera patsinde pa mtengo, pansi penipeni pa limu ija, atawafulatira onse awiri, akulemba manambala pafumbi ndi chala. Akulu akukamba za iye, iye osalabadira. Ngakhale msana wakewo unkaoneka wamwano.

"Taonani," anatero a Mateyo, akuloza ndi mlomo. "Ndi zimenezo."

Anayang'ana wotchi yawo, anatola chitsulo chomwe chinali patsinde, n'kumenya limu ija ndi mphamvu zonse kuti ana abwerere.

Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Esitere anadzidzimuka mpaka kugwira pamtima. Khanda linalira kumsana. Mpheta zinabalalika mu mtengo, ndipo ana a ku bwalo la mpira, kutali konse kuja, anayamba kuthamanga.

Mwayi, chitsulo chikulira pamwamba pa mutu wake, sanaphethire n'komwe. Chala chake chinapitiriza kukhotetsa mimba ya faifi pafumbi. Sanamve kanthu.

Apo m'pamene Esitere anadziwa chimene malungo aja anapita nacho.