Botolo la Jasper pa Mzere Waufupi

Panali munthu wina ku Bulawayo, zaka zija za nkhondo yachiwiri, dzina lake Jasper, mnyamata wa ku Ntcheu wogwira ntchito ku njanji. Amene anandiuza nkhaniyi akuti agogo awo analipo tsikulo, ndiye musati ndapeka ine. Jasperyu anali munthu wabwino ndithu, koma kudikira ndiye ayi. Tiyi ankamwa akadali kuwira.

Iyeyu anakonda mtsikana wa kwathu konkuno wokhala mu lokeshoni ya Makokoba mu Bulawayo momwemo, dzina lake Loice. Makolo a Loice analibe naye vuto, koma mukudziwa za kwathu, mawu omaliza ndi a malume. Malumewo, a Bernard, ankagwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Wanki, ndipo ankabwera kamodzi pachaka. Ulendo uno anabwera kwa tsiku limodzi lokha, kuti masana amuone mnyamatayo, madzulo akwere sitima.

Tsoka ilo, sabata yomweyo Jasper anagwidwa chifuwa. Munthu wa kumgodi akamva wina akutsokomola amaganiza za manda basi. Choncho nkhoswe ya Jasper, a Hector, inamuuza kuti: "Ulawirire kuchipatala ukamwe mankhwala. Ukakafika ukadekhe, wamva?"

Kachipatala ka m'lokeshonimo kanali ndi zenera limodzi komanso wothandiza dokotala mmodzi, bambo wandevu wolankhula Chindebele. Dokotala weniweni anthu ankangomva mbiri yake. Masiku amenewo mankhwala ankakuthirira m'botolo lako, ndiye odwala ankandandika mabotolo pansi kuti awagwirire malo, eni ake n'kukakhala pamthunzi. Jasper pofika anapeza mabotolo afika kale kugeti. Anaika lake kumapeto akung'ung'udza.

Dzuwa linakwera. Zenera linatsekulidwa, anthu angapo anathandizidwa, kenako pha, latsekedwa, akuti nthawi ya tiyi. Tiyi atatha, wandevu uja anatuluka n'kuyamba kumata tayala la njinga yake, anthu akumuyang'ana. Jasper mtima unamuwawa zedi.

"Kodi tinalakwanji ife? Munthu angafe pano iwo akupopa njinga."

Mayi wina wachikulire, a Dorah, anaseka. "Khala pansi, mwanawe. Ine pano ndinabwera ndili namwali, taona imvizi."

Apo m'pamene Jasper anaona mzere wina cha kukhoma, wa mabotolo ochepa chabe. Maso anamuyera.

"Umenewo uusiye, si wako," anatero a Dorah.

"Chipatala n'chimodzi, mayi. Mankhwala onse ndi a boma."

Mayiwo atayamba kuwodzera, Jasper ananyamuka ngati akukawongola miyendo, anatola botolo lake n'kukaliika pa mzere waufupi uja, kutsogolo kwenikweni. Eni mabotolowo anamuona bwinobwino, koma palibe anadandaula. Wina mpaka anamusunthira malo.

Zenera litatsekulidwa, wandevu uja anayambira mzere womwewo. "Botolo ili n'la ndani? Buya lapha!" Atamva kuti akumuitana, Jasper anathamangira akumwetulira. Koma bamboyo m'botolomo sanathiremo kanthu. Anatenga kapu yachitsulo n'kudzazamo mafuta a nsatsi mpaka pakamwa. Mzerewo unali wa anthu odzimbidwa ndi a njoka zam'mimba, ndipo mankhwala ake ankamwera pazenera pomwepo chifukwa ambiri ankawataya panjira.

Fungo lokha linamuuza Jasper kuti zavuta. Koma kunena kuti iye ndi wa chifuwa kunali kuulula pamaso pa khamu lonse kuti wadumpha mzere, ndiponso akanamubweza kugeti.

"Natha!" anatero wandevu, kapu itafika kale pamlomo. Jasper anatseka maso n'kugugudiza yonse.

Masana anafika kwa a Loice atatchena, jekete yobwereka, nsapato zikuwala. Anakhala pamphasa pafupi ndi a Hector. Paja pamwambo wotere mnyamata amakhala chete, maso pansi, ndipo sadzuka mpaka akuluakulu atatha kulankhula. A Bernard nawo anali munthu wosafulumira. Anayamba kulongosola mtundu wawo kuchokera kwa agogo a agogo awo ku Dedza.

Asanafike n'komwe pa agogo achiwiri, m'mimba mwa Jasper munagunda ngati kukubwera mvula. Thukuta linali kamukamu. Chifuwa chija nachonso chinali chikadalipo, ndipo tsopano kutsokomola kulikonse kunali ngozi. Anapirira, analuma mano, anapemphera. Kenako anadzambatuka n'kuliyatsa liwiro, a malume mawu ali m'kamwa. Zimbudzi za m'lokeshoni zinali za anthu onse, ndiye kumenekonso anapeza mzere.

Anabwerera, anapepesa, anakhala pansi. Posakhalitsa anathamanganso. Pobwera ulendo womaliza anapeza mpando wa a Bernard uli wokha, eni ake apita kusitima. A Hector anamufotokozera mawu amene malumewo anasiya: "Mnyamatayu akutsokomola, akutuluka thukuta, ndipo pansi sakhazikika. Ndidzamuonanso chaka chamawa, ngati adzakhale ali moyo."

Jasper anamva chisoni kwambiri. Loice atamva zonse anaseka mpaka misozi, kenako anamukalipira kokwanira, koma anati amudikira.

M'mawa mwake Jasper anabwerera kuchipatala ndi chifuwa chake, n'kuika botolo lake kugeti mwaulemu. A Dorah analiponso pamthunzi paja.

"Wabweranso, mwanawe? Mzere waufupi uja ulipo, ndipo lero mulibe anthu."

"Ayi mayi, pano pali bwino," anatero Jasper akukhala pansi. "Ndili ndi chaka chonse."

Phunziro: Kuchipatala kumatopetsa, ndipo ena ogwira ntchito kumeneko amapsetsadi mtima, koma kudumpha mzere si mankhwala. Ukaona mzere waufupi anthu akuuthawa, yamba wafunsa, ndipo wamkulu akakuletsa umvere. Jasper anakana kudikira m'mawa umodzi, anadikira chaka. Tumizani nkhaniyi kwa m'bale wanu uja amene sakhazikika pabenchi.