Malume a Masaya Akugwa

"Ndikabwerako sudzandizindikira," Lackson anauza chibwenzi chake Fainess akukwera minibasi ya ku Blantyre.

Anali ndi zaka 27 zokha, koma matenda osowa a khungu lolendewera anamugwetsa masaya moti ana ankamupatsa moni wa agogo. Nkhopeyo inali ndi ntchito yake. Anzake othyola tiyi pa esiteti, amene abale awo anatsalira ku Mozambique, ankamubwereka ngati malume pokafunsira mbeta. Iye ankangovala jekete, kutsokomola kawiri, ukwati n'kutheka.

Koma Fainess anali atanenetsa: "Sindingakwatiwe ndi munthu woti anthu azimuyesa apongozi anga."

Ku Blantyre kuja, madokotala ochokera kunja anamukoka khungu n'kulisokera kuseri kwa makutu. Patatha mwezi anatsika pa Khonjeni atasalala ngati mwana wa Fomu 4, n'kulunjika kwa a Namakhwa, malume ake a Fainess.

A Namakhwa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwana iwe, mbeta safunsira wekha ngati ukugula nthochi. Akuluakulu ako ali kuti?"

"Ndilibe, bambo. Onse ali kutsidya, ku Milanje."

"Ndiye kapeze madala aja a masaya akugwa, anatibweretsera mkamwini chaka chatha aja. Amene aja ndiye munthu, akatsokomola nkhani yatha. Akabwera iwowo, Fainess watenga."

Lackson anasisita chipsera kuseri kwa khutu.

"Madala aja," anatero motsitsa mawu, "anatisiya mwezi wathawu, ku Blantyre."

A Namakhwa anavula chipewa n'kupukusa mutu.

"Ndinaona ine. Nkhope ija sinali yofika nayo Khirisimasi."